Sikimu ya ana asanu pakhonde limodzi

M'kalasi la njira zophunzitsira timaphunzira kulemba sikimu ya ana amsinkhu umodzi, okhala ndi buku limodzi, omvera belu limodzi, ndiponso okhala ndi mphunzitsi amene ntchito yake m'mawa wonse ndi kuphunzitsa basi. Timajambula mizere, kulemba sabata yoyamba mpaka yomaliza ya teremu, kenako n'kuthira mitu ya maphunziro m'mabokosimo. Ndi luso lofunika, ndipo tidzadyera lomwelo. Koma pa tchuthi chapitachi tinapatsidwa kalasi limene mabokosi amenewa salikwana: ana asanu, wamkulu wa zaka 10, wamng'ono wa zaka ziwiri, ndipo mphunzitsi wawo ndi yemwenso amatunga madzi, kuphika ndi kupita kudimba.

Mphunzitsiyo ndi achemwali athu. Zaka ziwiri zapitazo anasamukira kumapiri a ku Neno, kumene alamu anapeza malo olimapo kachewere. Malowo ndi achonde, koma sukulu yapafupi ili pa mtunda woyenda maola awiri pa miyendo ya mwana, ndipo panjira pali mtsinje wopanda mlatho. M'chilimwe mtsinjewo munthu amangoudumpha. Kuyambira Januwale mpaka Malichi palibe kholo lanzeru limene lingatumize mwana kuti akawoloke yekha. Mwana wawo woyamba, mtsikana, wakhala mu Sitandade 3 kawiri, osati chifukwa cha mutu wouma koma chifukwa teremu yachiwiri yonse imamupeza ali pakhomo. Chaka chino mapasa awo akwanitsa zaka 6. Palinso mnyamata wa zaka 8, mwana wa malemu mng'ono wawo wa alamu, amene anabwera kudzakhala nawo maliro atatha. Ndiye pali chitsiriza, amene ntchito yake pakadali pano ndi kudya choko.

Achemwali anatiyitana n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukuphunzira zauphunzitsi. Ana awa ndi mbumba yanu. Tilembereni zoti tiziwaphunzitsa chaka chonse, ife tizingotsata." Kwathu malume sakana mawu otere.

Tinene poyera kuti ife sitili m'gulu la anthu oona sukulu ngati mdani wa banja. Tinaphunzira kusekondale ya mpingo, ndipo zambiri zimene tili nazo tinazipeza kwa aphunzitsi ndi kwa anzathu a m'kalasi. Dziko lathu linayamba maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulaimale. Tsono kuphunzitsa ana pakhomo kuno kwathu sikukhala kusankha pakati pa zabwino ziwiri monga amachitira anthu ena kunja. Nthawi zambiri kumabwera chifukwa njira ina yatsekeka. Tonse tikukumbukira mmene sukulu zinatsekedwera pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ambiri n'kukhala pakhomo mpaka Okutobala. Mu 2023 namondwe wa Freddy anatsekanso sukulu za kum'mwera. Nthawi zonsezo makolo anauzidwa kuti athandize ana kuwerenga, koma ndi ochepa amene anadziwa poyambira. Achemwali athu akungokumana chaka ndi chaka ndi zimene mabanja ambiri m'dziko muno anakumana nazo kawiri.

Tisanalembe kanthu tinayamba tawerenga, ndipo tinadabwa kuona kuti nkhani imeneyi ili ndi mizu yozama mu mpingo wathu womwe. Mu 1872 Ellen White analangiza kuti makolo akhale okha aphunzitsi a ana awo kufikira anawo atakwanitsa zaka 8 kapena 10. Mu 1909 mpingo unatsegula ku Washington sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, Fireside Correspondence School, imene pambuyo pake inadzadziwika ndi dzina la Home Study Institute. Raymond ndi Dorothy Moore, amene buku lawo la 1975 lotchedwa Better Late Than Early linalimbikitsa mabanja ambiri a ku America kuphunzitsa ana pakhomo, analinso a mpingo wathu. Iwo ankati tsiku la mwana ligawike patatu: kuphunzira, kugwira ntchito ya manja, ndi kuthandiza anthu ena. Koma chimene chinatithandiza kwambiri ndi nkhani ya mu 1904. Akuluakulu a sukulu ya mpingo pafupi ndi kwawo kwa Mayi White ku California ankakana kulandira ana ang'onoang'ono, akuti akutsata malangizo a 1872 aja. Mayiwo anakumana nawo n'kuwakumbutsa kuti pamene ankalemba zija kunalibe sukulu za mpingo, ndi kuti mwana amene pakhomo akungosiyidwa kuli bwino apite kusukulu. Tinatolapo chinthu chimodzi: funso si lakuti pakhomo kapena kusukulu, koma lakuti mwana uyu, pamalo pano, chaka chino, aphunzira bwino kuti.

Zolemba zambiri za ku America zokonzera chaka cha pakhomo tinaziona, ndipo zambiri sizikanatha kukwera mapiri a ku Neno. Zimaganizira mayi amene ali ndi laibulale pafupi, makina osindikizira mapepala m'nyumba, ndi madzi otuluka pampopi. Zimayamba ndi funso lakuti mugula mabuku ati. Ife tinayamba ndi funso lakuti achemwali ali ndi masiku angati.

Tinakhala pansi ndi kalendala ya kukhoma. Kuyambira Seputembala mpaka kumapeto kwa Julayi pali masabata pafupifupi 46. Tinachotsapo atatu a kubzala mvula yoyamba ikagwa, awiri a kupalira, atatu a kukolola, ndi awiri a kumapeto kwa chaka. Anatsala 36. Kenako achemwali anati tichotsenso 6, osawapatsa dzina. Titafunsa chifukwa, anangotiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi malungo amalemba kalata? Nanga maliro?" Anatsala 30. M'sabata iliyonse, Lachinayi ndi tsiku la msika, Lachisanu ndi lochapa, kuphika ndi kukonzekera Sabata dzuwa lisanalowe. Masiku a sukulu akhala anayi: Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Chaka chonse chinatuluka masiku 120. M'madera ambiri a ku America chaka cha sukulu chimakhala masiku 180, ndipo poyamba nambala yathuyi inaoneka yochititsa manyazi. Koma taganizani kalasi la Sitandade 1 la ana oposa 100, monga alili makalasi ena m'dziko muno. Pa tsiku lonse mwana mmodzi amawerenga mokweza mphunzitsi akumumvetsera kwa mphindi zingati? Pakhonde la achemwali mwana aliyense amapeza mphindi 15 zakezake tsiku lililonse la sukulu. Masiku 120 otere si ochepa ayi.

Chinthu chachiwiri chinali kusankha zimene ana angaphunzire pamodzi ndi zimene ayenera kuphunzira payekhapayekha. Munthu akatenga silabasi ya Sitandade 4, ya Sitandade 2 ndi ya Sitandade 1 n'kufuna kuziphunzitsa zonse padera, achita misala sabata isanathe. Tinapeza kuti maphunziro awiri okha ndi amene amakwera ngati makwerero, moti sungaponde lachitatu usanaponde lachiwiri: kuwerenga ndi masamu. Zina zonse, monga nkhani za m'Baibulo, nthano, nyimbo, za ulimi, za thupi ndi ukhondo, za mitsinje ndi mapiri, ana onse atha kumvera limodzi, aliyense n'kutolapo molingana ndi msinkhu wake. Mwezi wa Novembala, mwachitsanzo, mutu ndi mbewu. Onse adzabzala nyemba m'zitini zoboola pansi. Mapasa adzajambula mmera wawo ndi kuwerenga masamba. Mnyamata adzayeza kutalika kwake ndi kamtengo masiku atatu aliwonse. Wamkulu adzalemba miyezoyo m'kope, adzaika chitini chimodzi mumdima kuti ayerekeze, ndipo adzalemba ziganizo zisanu za Chingerezi pa zimene waona. Phunziro limodzi, ntchito zitatu, mayi mmodzi.

Pa zimenezi tinabwerekanso nzeru kwa Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anamwalira mu 1923. Iye ankalimbikitsa maphunziro afupiafupi kwa ana aang'ono, ndiponso kuti mwana akamva nkhani aifotokoze yekha m'mawu ake m'malo moyankha mafunso a inde kapena ayi. Titawauza achemwali anaseka, akuti agogo athu ankachita zomwezo pamoto madzulo popanda kudziwa dzina la mzunguyo. Sitinatsutse.

Tsiku la sukulu limayamba ana akamwa phala, ndipo limatha dzuwa lisanafike pamutu. Theka la ola loyamba onse amakhala pamphasa imodzi. Kenako achemwali amatenga gulu limodzi pamene ena akuchita ntchito imene angathe okha, ndipo amasinthana. Zikumveka zophweka papepala. Vuto lenileni ndi chitsiriza uja. Mabuku a njira zophunzitsira sanena kanthu za mwana wa zaka ziwiri amene akufuna kukhala pamiyendo ya mphunzitsi pa nthawi imene mphunzitsiyo akuphunzitsa kuchotsera. Tinamukonzera dengu lakelake la zitsononkho, zitsekerero za mabotolo ndi timiphika tadothi, limene limatuluka nthawi ya sukulu yokha kuti lisamukole. Masamu a wamkulu, amene amafuna bata, tinawaika nthawi imene mwanayo amagona. Alamu anavomera kumutenga Lamulungu m'mawa. Kupitirira apo palibe pulani imene ingamugwire.

Pa kuwerenga sitinafune kupeka zathuzathu. Aphunzitsi aakulu a pasukulu ija, titawafotokozera, anatibwereka mabuku akale angapo a Chichewa ndi masamu, ndipo tinatsata ndondomeko imene sukulu za boma zimatsata, yoyamba ndi maliwu a malembo kenako maphatikizo. Mwana sayamba ndi a, b, c mpaka z. Amayamba ndi malembo opezeka kawirikawiri m'Chichewa, monga a, n, i, k, u ndi m, kotero kuti akadziwa atatu okha atha kale kuwerenga mawu enieni monga ana ndi ina. Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe: chimalembedwa pafupifupi monga chimamvekera. Mwana akagwira maphatikizo, chitseko chatseguka. N'chifukwa chake tinakana maganizo a alamu oti mapasa ayambe ndi Chingerezi kuti "asachedwe". Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, ndipo amaphunzira msanga m'chilankhulo chimene amalotamo.

Apa ndi pamene tinakumana ndi nkhani imene inatisowetsa tulo. Titawayesa ana mmodzimmodzi kuseri kwa nkhokwe, tinapeza kuti mnyamata wa zaka 8 uja, amene kwawo anali mu Sitandade 2, sadziwa kuwerenga ngakhale phatikizo limodzi. Amaloweza. Mukamupatsa tsamba limene analimvapo amalinena lonse mosadodoma, chala chili pamzere wolakwika. Mmodzi wa mapasa, mtsikana, anali atamupitirira kale pongomvera mkulu wake. Mwa nzeru za m'kalasi, mnyamatayo ayenera kukhala gulu limodzi ndi mapasa. Koma uyu ndi mwana amene wataya bambo ake chaka chatha, wabwera pakhomo pa eni, ndipo chimene watsala nacho ndi chakuti iye ndi wamkulu kwa mapasawo. Kumukhazika pamphasa imodzi ndi ana amene amawanyamula powoloka ngalande, kuti azimuposa tsiku ndi tsiku, kukanamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kudana ndi buku.

Tinachita chonchi. Iye amaphunzira kuwerenga yekha ndi achemwali m'mamawa, mapasa asanadzuke, kwa mphindi 15, ndipo amakhala patsogolo pawo ndi malembo awiri. Nthawi ya mapasa ikafika, iye ndi amene amagwira makadi a malembo, ndipo amatchedwa wothandiza aphunzitsi. Motero phunziro lililonse amalimva kawiri popanda wina kumuuza kuti akubwereza. Pa masamu safuna chithandizo chotere. Amawerengera ndalama za kachewere pamsika mofulumira kuposa ife, ndipo tinamuika pamodzi ndi wamkulu pa kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Kumeneko amayenda mutu uli m'mwamba.

Zipangizo sizinativute kwambiri. Zimene amatiphunzitsa za TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, pakhomo zimagwira bwino kuposa m'kalasi chifukwa zinthuzo zili pomwepo. Timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi timaonetsa chifukwa chake 14 ndi 41 si nambala imodzi. Makatoni a sopo anasanduka makadi. Bolodi ndi chitseko chakale chopaka makala. Ndalama zinapita pa makope, mapensulo, choko ndi mafuta a nyali basi.

Sikimu yeniyeniyo tinailemba mosiyana ndi mmene timalembera kuno. Chaka chonse chili pa tsamba limodzi: mutu wa mwezi uliwonse, ndi pamene mwana aliyense ayenera kufika pa kuwerenga ndi pa masamu pofika Disembala, Epulo ndi Julayi. Tsatanetsatane tinalemba wa masabata 6 okha, ndipo sitinalembe madeti. Tinalemba Tsiku 1, Tsiku 2, mpaka Tsiku 24. Mwana akadwala Lachiwiri, Tsiku 7 limangodikira. Sikimu ya madeti imayamba kumuneneza mphunzitsi akangojomba kamodzi, ndipo mayi wotopa akaona kuti watsalira masabata atatu amapinda pepala n'kuliika pansi pa matiresi. Achemwali analekezera Fomu 2. Amadziwa zambiri kuposa mmene amadziyesera, koma pepala lowaopseza silikanawathandiza.

Mwana aliyense ali ndi envulopu yake yaikulu. Mumalowa tsamba limodzi la ntchito yake pa sabata, lolembedwa deti. Izi si zokongoletsa. Tsiku lina ana awa adzabwerera kusukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu adzafuna kudziwa kalasi lowaika. Mawu a mayi akuti "amatha kuwerenga" salemera ngati masamba 30 oonetsa dzanja la mwana likusintha. Tinagwirizananso ndi aphunzitsi aakulu aja kuti mayina a anawo akhalebe m'kaundula, ndi kuti azikalemba nawo mayeso a kumapeto kwa teremu yoyamba ndi yachitatu, pamene mtsinje uli wowolokeka. Kumapeto kwa zonse kuli mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, ndipo khonde la munthu si malo olembera mayeso.

Sabata yachiwiri isanathe, ana atatu a pakhomo loyandikana anali atayamba kukhala chapatali pansi pa mtengo wa pichesi, akumvetsera. Mawa lake anabwera ndi anzawo awiri. Ife tinada nkhawa, chifukwa pulani yonse inamangidwa pa mphindi 15 za mwana aliyense, ndipo ana khumi sangazipeze. Achemwali anati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiwathamangitse ndi pakamwa pati, pamene amayi awo ndi amene anandigoneka kuchipatala?" Tinagwirizana pakati. Theka la ola la pamphasa ndi la aliyense wofuna, ndipo tsopano limadzaza. Nthawi ya kuwerenga ndi masamu ndi ya ana a pakhomo. Mmodzi wa amayi oyandikana nawo anadzipereka kutenga chitsiriza Lachiwiri lililonse ngati malipiro. Mwina ichi ndiye chinthu chabwino koposa chimene chachitika pa ntchito yonseyi, ndipo sichinali mu sikimu. Anthu amene amafunsa ngati ana ophunzira pakhomo sasowa anzawo sanafikepo pamudzi wa kwathu.

Chimene sitinagwirizane mpaka lero ndi nkhani ya wamkulu. Mtsikana wa zaka 10 amene amatha kuwerenga, pakhomo pa ana anayi aang'ono, amasanduka mlezi popanda wina kulamula. Mwana akalira, ndi iye. Mapasa akasowa pensulo, ndi iye. Madzi akatha mumtsuko phunziro lili pakati, aliyense amadziwa amene anyamuke. Tinalemba ndi zilembo zazikulu pamwamba pa sikimu kuti ola lake la masamu ndi Chingerezi palibe womutuma, ngakhale nyumba ikupsa, ndipo tinapempha alamu kuti iwo ndiwo aziyang'anira lamulo limeneli. Tikudziwa kuti pepala silitunga madzi.

Ndipo ngakhale lamulolo litasungidwa, pali malire a zimene khonde lingamupatse. Kuyambira Sitandade 5 Chingerezi chimalemera, ndipo mayeso a Sitandade 8 amafunsidwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Achemwali amawerenga Chingerezi koma amachita manyazi kuchilankhula. Tinasiya mabuku a nthano ochepa amene tinasonkha kwa anzathu kuno, ndipo Lamulungu madzulo timaimba foni kuti mtsikanayo atiwerengere tsamba limodzi, ataima pachulu pamene netiweki imagwira. Zimenezi zikwanira chaka chino. Sizidzakwanira chaka chamawa. Maganizo athu ndi akuti Seputembala akubwerayu apite akakhale ndi agogo ake, kumene sukulu ili pafupi ndi nyumba. Achemwali atamva anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amalume ake, mukufuna kundichotsa dzanja lamanja." Tinayankha kuti n'chifukwa chake tikufuna apite. Sanatiyankhe, ndipo tsiku limenelo nsima tinadya mwakachetechete.

Pamene tikulemba izi ali pa Tsiku 19. Mmodzi wa mapasa wafika pa lembo la t, mnzake akadali pa k ndipo sakuoneka kuti zikumudetsa nkhawa. Mnyamata anawerenga yekha mawu olembedwa pa thumba la feteleza, n'kufunsa alamu ngati akudziwa zimene thumbalo likunena. Masabata 6 otsatira tikuwalemba usiku, tikamaliza ntchito za m'kalasi, ndipo tidzawatumiza ndi munthu wa galimoto yonyamula kachewere. Nkhani ya wamkulu tinapangana kuti tidzaikambe pa tchuthi cha Disembala, agogo ake alipo, mwini wakeyo atafunsidwanso.